Mutu 6: Mabawuti Mazana Atatu ndi Mazinga Ake Omwe

1. Kompyuta yanyanyala

Ofesi inali kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa shedi yowotchereramo zitsulo. Munali tebulo, mipando iwiri, kalendala ya chaka chatha ndi kompyuta yogula kwa munthu. M'menemo ndi momwe Injiniya ankagwirira ntchito chimalizireni maphunziro ake ojambula makina miyezi inayi yapitayo.

Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lomwe anamasula wailesi ya m'nyumba kuti aone anthu olankhulamo. Wailesiyo sinalankhulenso, koma dzina linakhala.

Lachinayi limenelo kunali ntchito yaikulu. Mwini fakitale ina ya sopo ankafuna lamba woyenda wonyamula makatoni kuchokera popakira kukafika pakhomo. Ananena kuti abwera 3 koloko masana kudzaona pulani pa kompyuta. Ikamusangalatsa, ntchito ikhala ya shopu ya bambo ake a Injiniya. Ikapanda kumusangalatsa, apita kwina.

Miyendo ndi mafelemu a makinawo Injiniya anajambula yekha. Koma mota, mabering'i, mabawuti ndi marola, timapaipi tozungulira tomwe lamba amayendapo, zinali zoti adzagule. Kampani yogulitsa zipangizozi inaika zifanizo zake pa intaneti, zotheka kuzitembenuza mbali zonse. Injiniya anazitsitsa zonse n'kuzilowetsa mu pulani yake. Zinali zokongola. Mota inkanyezimira ngati aipukuta kumene.

M'mawa uja anagwira mausi kuti atembenuze pulani aone kunsi. Palibe chinasuntha. Pa sikirini panangobwera kamkombero kozungulira.

Anadikira. Fani ya kompyuta inayamba kulira ngati ikukwera chitunda. Patapita mphindi zinayi pulani inatembenuka pang'ono, n'kuimanso.

Bambo ake anasuzumira pakhomo, magalasi owotcherera ali pachipumi.

"Injiniya, ndipatse muyeso wa miyendo. Ndikufuna ndiyambe kuchonga zitsulo."

"Dikirani pang'ono, bambo. Ikuganiza."

"Ikuganiza chiyani? Ili ndi ana?"

Injiniya anagwedeza mausi uku ndi uku. Bambo ake anayang'ana kachipangizoko mwachisoni.

"Mbewa yakoyo yadya mankhwala," anatero n'kubwerera ku shedi.

Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Kutsegula fayilo yokhako kunatenga nthawi yowiritsira madzi a tiyi. Anafufuza ngati munalowa vayirasi, sanapeze kanthu. Anaimbira mnzake wa kusukulu, yemwe anamuuza kuti kompyutayo yakalamba, aitaye. Kenaka anatsegula pulani ya geti yomwe anajambula mwezi watha. Inatseguka nthawi yomweyo, n'kumatembenuka ngati nsomba m'madzi.

Apa mutu unamuima. Kompyuta yokalamba ikutembenuza bwanji geti, n'kumakana lamba?

2. Azakhali afika ndi mpando

Cha m'ma 10 koloko kunabwera azakhali ake, achemwali aakulu a bambo ake, atanyamula mpando wachitsulo wothyoka mwendo kuti auwotcherere. Azakhaliwa anagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi yojambula mapulani pa kampani yopanga mapampu, m'masiku a thabwa, rula ndi pensulo. Kompyuta sanaigwirepo. Ankaitcha wailesi yakanema ya anthu aulesi.

Anasiya mpando ku shedi n'kulowa mu ofesi.

"Nkhope yagwa bwanji, mwana wa mchimwene wanga? Wakukana ndani?"

"Kompyuta, azakhali. Sikuyenda. Ndiye sindikudziwa chavuta."

Azakhali anakoka mpando wina, navala magalasi awo.

"Makina akowa sindiwadziwa, koma pulani ndimaidziwa. Tandionetsa."

Anayang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenaka analoza ndi chala kumapeto kwa rola imodzi.

"Aka n'chiyani?"

"Bering'i."

"Kakulitse."

Injiniya anadina. Anadikira onse awiri. Azakhali anapukuta magalasi, nawavalanso. Potsiriza bering'i inadzaza sikirini. M'kati mwake munali timipira tachitsulo tisanu ndi tinayi, kalikonse m'kachisa kake. M'mbali munali dzina la kampani m'zilembo zotukuka, ndi nambala yaitali.

"Timipirati wajambula ndiwe?"

"Ayi, tinabwera momwemo."

"Mabering'i alipo angati?"

"Makumi asanu ndi atatu. Rola iliyonse awiri."

"Onse ali ndi timipira tawo ndi dzina la eni ake?"

"Eya."

"Nanga mabawuti?"

"Mazana atatu."

Atakulitsa bawuti limodzi anapeza mazinga ake onse, mzere uliwonse wozungulira kuyambira kumutu mpaka kunsonga. M'kati mwa mota munali mawaya okulungidwa, timasikuluwu tating'onoting'ono, ngakhale kapepala kochenjeza anthu kuti asagwire.

Azakhali anavula magalasi n'kutsamira.

"Mwanawe, tamvera. Kale ife mzere uliwonse unkatuluka m'dzanja. Ukajambula mazinga a bawuti limodzi, dzanja linkakuuza kuti usabwerezenso. Ndiye tinkayamba tadzifunsa kuti mzere uwu akuufuna ndani. Inu a lero dzanja silikupwetekani, ndiye mumangotola chilichonse. Koma katundu sasowa womusenza. Amene wakana kusenza iweyo wamusenzetsa makina akowa. Iwe ukuona lamba mmodzi. Iwo akuwerenga kampira kalikonse, mzinga uliwonse, chilembo chilichonse, ndipo ukangogwedeza dzanja ayambirenso kuwerenga.

"Wogulitsa sanalakwe. Iye amajambula kuti agulitse, ndiye amaonetsa zonse kuti uone kuti chinthu chake ndi chenicheni. Iwe sukugulitsa bering'i. Ukujambula kuti bambo ako adule chitsulo pamalo oyenera. Bambo ako adzawotcherera timipira timeneti? Adzawerenga dzina la kampani pansi pa lamba? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chinthu chogula umachifunsa mafunso atatu basi. Chidya malo ochuluka bwanji? Chimangiriridwa pati? Chilumikizana ndi chiyani? Zotsalazo ndi za eni ake. Chotsa zonsezi. Mota ikhale bokosi, bering'i ikhale mkombero, makina ako apume."

Injiniya anayang'ana mota yake yonyezimira. Anali atatha masiku atatu akuika zinthu zimenezi m'malo mwake.

"Kusukulu anatiuza kuti pulani izikhala yeniyeni," anatero motsitsa mawu.

"Yeniyeni kwa ndani?" anafunsa azakhali.



3. Bambo nawo ali ndi mawu awo

Bambo ake anali ataima pakhomo kwa kanthawi, akupukuta manja ndi kansanza.

"Achemwali, mwanayu musamusokoneze. Injiniya, usachotse kanthu."

"Koma bambo, sikuyenda."

"Iyende isayende, usachotse. Ndikuuze chifukwa. Iwe usanabadwe ndinapatsidwa pulani ya chimango cha pampu. Pa pulanipo mota anaijambula ngati bokosi, monga akunenera azakhali akowa. Ine ndinadula, ndinawotcherera, ndinapenta. Masiku asanu ndi limodzi. Mota yeniyeni itafika, inali ndi kabokosi ka mawaya kotulukira m'mbali. Pa pulani kanalibepo. Kanakagunda pachitsulo chopingasa, mota yosalowa. Ndinadula chimango chonse anthu akuonerera, bwana ataima apo, manja ali m'thumba. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

"Wojambula akaiwala kanthu amafufuta ndi labala. Ine ndikalakwitsa ndimafufuta ndi galayindala, ndipo chitsulo chodulidwa sichimera. Zimene iwe ukuziona ngati zokongoletsa, zina ndi zomwe zimandipulumutsa ine. Wogulitsa chinthu chake amachidziwa kuposa iwe ndi ine. Ngati waikapo kanthu, ali ndi chifukwa. Iwe ntchito wayamba dzulodzuloli. Udziwa bwanji choti uchotse ndi choti usiye?"

"Pulani imeneyo anajambula ndani?" anafunsa Injiniya.

Bambo ake anayang'ana kudenga.

"Sindinena. Ndi wachibale."

Azakhali anakonza mpango wawo wa m'khosi.

"Inali kale imeneyo. Ndiponso kabokosiko kanali kakang'ono."

"Kakang'ono, koma kanandigwetsa mphwayi mlungu wonse."

"Ndinapepesa."

"Munapepesa patatha zaka zinayi, pa ukwati wanga."

Injiniya anayang'ana azakhali, nayang'ana bambo ake. Amene ankamuuza kuti achotse ndi yemwe anachotsapo chofunika. Amene ankamuuza kuti asachotse ndi yemwe ankadikira muyeso chiyambire m'mawa osaulandira.

"Ndiye ndipange ziti?"

"Chotsa," anatero azakhali.

"Siya," anatero bambo ake. "Ikatembenuka bwino uijambule ndi foni. Bwana wa sopoyo tidzamuonetsa chithunzi."

"Nanga akafuna kuona mbali ina? Nanga miyeso yanu ndiitulutsa bwanji?"

"Zimenezo ndi za iwe. Injiniya ndiwe, ine ndine wowotcherera."

Anatuluka onse awiri akukanganabe za ukwati uja. Wotchi ya pa foni inkati 12 koloko yadutsa.

4. Pensulo yofiira ndi pensulo yakuda

Injiniya anakhala yekha. Anadina pa mota kuti aichotse, n'kubweza dzanja. Anatenga foni kuti ajambule sikirini, n'kuiikanso pansi. Anatuluka panja, namwa madzi pampopi, nabwerera. Kamkombero kaja kanali kakuzungulirabe.

Kenaka anachita chinthu chomwe sanauzidwe ndi aliyense. Anasunga fayilo yolemera ija padera osaikhudza, n'kupanga ina yoti agwirepo ntchito. Anasindikiza papepala chithunzi cha mota, cha bering'i, cha rola ndi cha bawuti. Anatenga mapensulo awiri n'kupita ku shedi, komwe bambo ake ankawotcherera mpando uja azakhali akuwalangiza mowotcherera.

"Bambo, tengani yofiirayi. Zungulizani paliponse pomwe chitsulo chanu, sipanala yanu kapena dzanja lanu lidzakhudze. Azakhali, yakudayi ndi yanu. Khwatchani chilichonse chomwe palibe adzachione kapena kuchigwira."

"Watipatsa mayeso?" anafunsa bambo ake.

"Ine sindikudziwa choti ndichotse. Mwanena nokha."

Anayala mapepala pamwamba pa diramu. Bambo ake anazunguliza mapazi a mota ndi mabowo ake anayi, kabokosi ka mawaya, ndi mtengo wachitsulo wotulukira kutsogolo. Azakhali anakhwatcha mawaya a m'kati, timipira tonse, zilembo ndi kapepala kochenjeza. Mazinga a mabawuti anawakhwatcha ndi mphamvu mpaka pepala linabooka.

Pa bering'i panali kamlomo kothirira girizi. Azakhali anakakhwatcha. Bambo ake anakazunguliza pomwepo.

"Kameneko n'kochepa ngati njere," anatero azakhali.

"Kochepa, koma munthu wothira girizi ali ndi dzanja. Mukakabisa kuseri kwa felemu adzathira ndi lilime?"

Azakhali anaganiza pang'ono, natenga labala m'chikwama mwawo n'kufufuta mzere wawo.

Kumbuyo kwa mota, komwe kuli fani, azakhali anajambula kabokosi ka timizere todukaduka pamalo opanda kanthu.

"Apa wogulitsa sanaikepo chinthu," anatero Injiniya.

"N'chifukwa chake uikepo iweyo. Mota imapumira pamenepa. Pasakhale khoma."

Injiniya anakanda m'mutu. Anabwera kudzafunsa zochotsa, tsopano ankauzidwa zowonjezera.

Pamwamba pa mota panali mphete yachitsulo yonyamulira. Palibe anaizunguliza, palibe anaikhwatcha.

"Nanga iyi?"

Bambo ake anakweza mapewa. Azakhali anati, "Ona wekha."

Anabwerera mu ofesi. Kuchotsa zinthu zolemera zija kunali ngati kukoka ngolo m'matope, chifukwa akadina kamodzi ankayamba wadikira. Anayamba ndi mabawuti. Atangochoka onse mazana atatu, fani ya kompyuta inatsitsa mawu. M'malo mwake anaika timitengo tosalala tokhala ndi mitu. Bering'i anajambula imodzi yokha, mkombero ndi kamlomo ka girizi, n'kuibwereza malo onse. Mota anaiumba ndi zidutswa zisanu, miyeso akuitenga pa chifanizo cha wogulitsa chija.

Pa mphete yonyamulira anaima nthawi yaitali. Anaichotsa, anaibwezera, anaichotsanso. Potsiriza anaisiya, osadziwa ngati wachita bwino.

Itatsala pang'ono kukwana 3 koloko anagwira mausi n'kukoka. Lamba yense anatembenuka kutsatira dzanja lake.

Anayembekeza kuti asangalala. Koma zomwe zinali pa sikirini zinkaoneka ngati zidole za mwana.

5. Mwini fakitale

Mwini fakitale anali munthu wamfupi wolankhula mothamanga, makiyi a galimoto ali m'manja nthawi zonse. Anakana mpando, naima kumbuyo kwa Injiniya. Bambo ake ndi azakhali anadzaza pakhomo.

Anayang'ana sikirini, nakwinya nkhope.

"Ndi zimenezi? Kwina komwe ndinapita anandionetsa chithunzi chokongola, mota yake ngati uigwire. Izi zikungooneka ngati makatoni anga omwe."

Bambo ake anakhosomola, nayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana kalendala ya chaka chatha.

"Chokongolacho chiliponso, bwana," anatero Injiniya. "Koma kuti chitseguke mudikira."

"Nthawi ndilibe. Tatembenuza ndione kunsi."

Anatembenuza.

"Uko mota yakhalako kuli chipilala cha nyumba. Ingapite mbali inayi?"

Injiniya sanadziwe ngati zitheka. Anadina, nasamutsa mota ndi chokhalira chake. Kabokosi ka mawaya kanakagunda mwendo wa felemu, pa sikirini panaoneka pofiira.

"Pagundana apo," anatero bambo ake msanga, ataiwala kuti anakhosomola. "Sunthira mwendowo kutsogolo pang'ono."

Anausuntha. Pofiira panachoka.

"Amayi opakira sopo amadandaula msana," anapitiriza mwini fakitale. "Tatsitsa lambayo afike m'chiuno."

Anatsitsa. Sipanathe mphindi ziwiri.

Munthu uja anasiya kuseweretsa makiyi.

"Kwina kuja nditafunsa zomwezi anati ndibwerenso Lolemba." Anayang'ananso sikirini. "Komabe n'zosakongola."

"Eya, bwana," anavomera Injiniya, posadziwa ngati akumuyamikira kapena akumunyoza.

"Yambani. Loweruka ndibwera kudzaona chitsulo, osati zithunzi. Muyambe ndi pokhala mota, chifukwa ndi pomwe makina anga akale ankavutira."

Anatuluka osatsanzika bwinobwino.

"Mwaona, ndinanena kuti achotse," anatero azakhali.

"Chatipulumutsa ndi kabokosi komwe ndinati asachotse," anayankha bambo ake.

Palibe anafunsa Injiniya maganizo ake, ndipo akanamufunsa sakanadziwa woti amuvomereze.

6. Manambala awiri

Bambo ake sanafune kutaya nthawi. Injiniya anawasindikizira pulani ya chitsulo chokhalapo mota, chokhala ndi mabowo anayi otalikirana mamilimita 140. Anapita nayo ku shedi akuimba kamluzu. Chitsulo chochindikala choyenera ntchitoyo chinalipo chimodzi chokha.

Azakhali ananyamula mpando wawo wowotchereredwa, nauyesa poukhalira pakhomo pomwepo.

"Wagwira ntchito, mwanawe. Tsono kampaniyo iyenera kuti ili ndi pepala la miyeso ya mota imeneyi, la manambala okhaokha. Ulisindikize uliike m'faelo pamodzi ndi pulani. Ife tinkatero."

Atapita, Injiniya anatsegula tsamba la kampani ija. Pepalalo linalipodi, pansi penipeni pa chifanizo chomwe anatsitsa. Tsiku lija sanalitsegule, poti chifanizo chinali ndi zonse.

Anatsetsereka ndi chala pa mzere wa mota yawo mpaka pa mtunda wa mabowo a mapazi.

Panalembedwa 160.

Anapukuta m'maso. Anayang'ana nambala ya mota, inali yomweyo. Anayang'ana pulani yake, 140. Mwina anayeza molakwa pa chifanizo. Mwina chifanizo chokongola chija chinali cha mota ina. Mwina cholakwika ndi pepala. Anadina fayilo yolemera ija kuti ayezenso, ndipo pa sikirini panangoti zii, osatseguka.

Ku shedi makina obowolera analira.

Injiniya anatenga pepala n'kuthamangira pakhomo. Bambo ake anali atawerama kumapeto kwa shedi, atamufulatira, zotseka m'makutu atavala, nsonga yobowolera ikutsikira pachitsulo.

"Bambo," anaitana. Sanamve.

Pakati pa iye ndi iwo panali mulu wa mapaipi ndi zingwe za magetsi. Koma pakhoma, pafupi ndi phewa lake, panali swichi yaikulu yozimitsa shedi yonse, yomwe palibe mwana wa m'nyumba mwawo anaikhudzapo chibadwire.

Sankadziwa kuti nambala yoona ndi iti. Anakweza dzanja n'kugwira swichiyo.